MLANDU WA DOTOLO MESMER NDI MTENGO WA KU PASSY

Tsiku lina m'caka ca 1784, pa mudzi wa Passy, kunja pang'ono kwa mzinda wa Paris m'dziko la France, amuna ophunzira anasonkhana m'munda wa zipatso wa nkhalamba ina imene sinali kupeza bwino. Nkhalambayo ndiye Benjamin Franklin, kazembe wa dziko la America, munthu wa zaka 78, yemwe uja anasonyeza kuti mphenzi ndi magetsi ziri cinthu cimodzi. Pamodzi nao panali dotolo wina, Charles d'Eslon, amene anadza ndi mnyamata wa zaka 12 womsankha iye yekha. Mnyamatayo anamsiya m'nyumba, ndipo dotoloyo anapita ku mtengo umodzi wa zipatso zonga mapichesi, naucitira miyambo yace, nanena kuti tsopano mtengowo wadzala ndi mphamvu yociritsa, ndi kuti mwanayo akangoukhudza adzaimva m'thupi mwace monse.

Pamenepo anatulutsa mnyamatayo atammanga nsalu kumaso, namuuza kuti afungatire mitengo umodzi umodzi. Pa mtengo woyamba anatuluka thukuta, natsokomola, nati mutu ulikumuwawa. Pa waciwiri anamva cizungulire. Pa wacitatu zinakula, nati aona ngati alikuyandikira. Pa wacinai anauma miyendo ndi manja, nakomoka, ndipo anamnyamula kukamgoneka pa msipu. Koma mwa mitengo inaiyo panalibe ndi umodzi womwe umene dotoloyo anaukhudza. Mtengo wace weniweni unali ciimire pa wokha, mapazi 24 kucokera pamene mwanayo anagwera.

Mwanayo sananame ai. Thukuta lija linali thukuta ndithu, ndi kukomoka kuja kunali kukomoka. Nanga cinamgwetsa nciani? Kuti timve bwino funso limeneli, aphunzitsi anzanga, tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka zoposa 150, pakuti pansi pa mitengoyo panakomana maganizo awiri akale a za thupi la munthu ndi kucira kwace.

Ganizo loyamba liti thupi liri ngati makina. Mu 1628 dotolo wa ku England, William Harvey, anasindikiza kabuku kosonyeza kuti mwazi uzungulira m'thupi, ndi kuti mtima ndiwo mpope woukankha. Umboni wace waukulu unali wa masamu, woti ndi mwana wa sukulu angautsate. Anayerekeza mwazi wotuluka mumtima pa kugunda kumodzi, nauculukitsa ndi kugunda kwa theka la ora, napeza kuti uposa mwazi wonse umene thupi lingathe kusunga. Tsono umapita kuti, ngati subwereranso kumtima komweko? Pambuyo pace René Descartes wa ku France, amene anamwalira mu 1650, anafanizira mitsempha ya munthu ndi mipope ya madzi imene inkayendetsa zifanizo za anthu m'minda ya mafumu. Iye anati nyama zonse ziri makina okha okha, ndi thupi la munthu lomwe, koma munthu asiyana nazo popeza ali ndi mzimu woganiza. Mu 1747 dotolo wina, La Mettrie, analumpha ndi malire amenewo, nalemba kuti munthu yense ali makina basi; ndipo anthu anamkwiyira kotero kuti anathawa ku Holland kumene anali kukhala, nakabisala kwa mfumu ya ku Prussia.

Ganizo limeneli liri ndi ubwino waukulu. Ngati thupi liri makina, nthenda ndiyo ciwalo coonongeka. Ucifune, ucipeze, ucikonze. Koma tisaiwale kuti madotolo a masiku amenewo, angakhale anali ndi cithunzi cabwino m'mutu, analibe zambiri m'manja. Wodwala malungo, wodwala mutu, wodwala cisoni, onse anali kuwatulutsa mwazi, kuwamwetsa mankhwala osanzitsa ndi otsegula m'mimba, ndi kuwatupitsa matuza pakhungu. Ambiri anacoka kwa dotolo ofooka koposa umo anadzera. Ameneyu ndiye khomo limene Mesmer analowerapo.

Franz Anton Mesmer anabadwa mu 1734 pa mudzi wa Iznang, m'mbali mwa nyanja ya Constance, naphunzira udotolo ku Vienna. Potsiriza maphunziro ace mu 1766 analemba kuti monga mwezi ukoka madzi a nyanja yamcere, nadzala ndi kuphwa, momwemonso zakuthambo zikoka kanthu kena m'thupi la munthu. Mu 1774 analikusamala mkazi wina, Franziska Österlin, wodwala kuphupha ndi kukomoka. Anammwetsa mankhwala okhala ndi citsulo, naika maginito pa mimba ndi pa miyendo yace. Mkaziyo anati alikumva ngati madzi alikuyenda m'thupi mwace, ndipo anapeza bwino maora angapo. Posacedwa Mesmer anaona kuti zomwezo zicitika angakhale popanda maginito, ndi manja ace okha. Munthu wina akadaima pamenepo ndi kukayika. Iye anati, ndiye kuti maginitoyo ali mwa ine.

Ciphunzitso cace cinali cotere. Dziko lonse lidzala ndi mphamvu yosaoneka, yopyapyala koposa mpweya, yoyenda ngati madzi pakati pa nyenyezi, nthaka ndi zamoyo. Anaicha maginito wa zamoyo, m'Cingerezi ati animal magnetism. Ikayenda bwino m'thupi munthu ali wamoyo. Ikatsekeka pena pace adwala. Nthenda tsono iri imodzi yokha, ndi mankhwala ace amodzi okha: kutsegula potsekekapo. Ndipo cizindikiro cakuti patseguka ndico kuphupha, kulira, kuseka, kapena kukomoka kwa wodwalayo.

Apa pali kanthu kamene ambiri osimba nkhaniyi amakalumpha. Mesmer sanadziyese wa mizimu kapena wa matsenga. Anadziyesa mnzace wa Isaac Newton, wopeza mphamvu yatsopano ya cilengedwe, yonga magetsi ndi yonga mphamvu yokokera zinthu pansi, zimenenso sizioneka ndi maso. Mu 1775 akulu a ku Munich anamuitana kuti aweruze za wansembe wina, Johann Joseph Gassner, amene makamu a anthu analikumtsata pakumva kuti atulutsa ziwanda. Mesmer anasonyeza kuti iyenso akhoza kugwetsa anthu ndi kuwadzutsa mwa kuloza cala, nati wansembeyo ali woona mtima, koma aciritsa ndi maginito wa zamoyo osadziwa. Cotero Mesmer anacotsa ziwanda naikapo madzi osaoneka. Zaka zisanu ndi zinai zokha zinapita, ndipo ena anadzacotsa madzi acewo momwemo.

Ku Vienna zinamuipira mu 1777, pa nkhani ya namwali wakhungu woimba piano, Maria Theresia Paradis. Poyamba kunamveka kuti wayamba kupenya. Madotolo ena anakana. Makolo ace anamcotsa m'manja mwa Mesmer ndi mkangano, ndipo anakhala wakhungu moyo wace wonse. Mesmer anacoka, nafika ku Paris kuciyambi kwa 1778.

Kumeneko odwala anaculuka kotero kuti sanathe kuwagwira mmodzi mmodzi. Anapanga tsono mgolo waukulu wa matabwa, wobvundikira, nathiramo madzi, fumbi la citsulo, magalasi osinja, ndi mabotolo a madzi amene iye anawacitira miyambo yace. Pa cibvundikiro panatuluka ndodo zacitsulo zopindika, kuti wodwala aliyense agwire yace ndi kuikhudzitsa podwalapo. Anakhala mozungulira, cingwe cimodzi citawazinga onse, atagwirana zala. Cipinda cinali ca mdima pang'ono, ca nsalu zocindikala. Kunali kuimba kwa pansi pansi, ndipo cimodzi ca zoimbira cinali ca mbale zagalasi, cimene anacipanga Franklin yemweyo mu 1761. Atakhala cete nthawi yaitali, Mesmer analikulowa atabvala mkanjo wa silika, nayenda pakati pao ndi ndodo m'manja, napenyetsetsa uyu m'maso, nakhudza uyo. Mmodzi akayamba kuphupha, enanso analikutsatira. Panali cipinda cina coyalamo zofewa, cogonekamo iwo amene anagwa kolimba. Akazi a nduna ndi anthu olemera anali kulipira ndalama zambiri kuti apeze malo pa mgolowo, ndipo panalinso mgolo wina waulere wa osauka. Ambiri anacitira umboni, ndi mtima woona, kuti anacira.

Mu March 1784 Mfumu Louis XVI inaika bungwe la anthu asanu ndi anai kuti lifufuze: madotolo anai ndi akatswiri a sayansi asanu. Mwa iwo munali Franklin; Antoine Lavoisier, amene anafotokoza za mpweya wa oxygen ndi kuyaka kwa moto; Jean-Sylvain Bailly, wodziwa za nyenyezi, amene analemba lipoti lao; ndi Dotolo Guillotin. Mesmer mwini wace sanawalola. Amene anawatsegulira khomo ndiye wophunzira wace, d'Eslon, dotolo wa mbale wace wa mfumu.

Nzeru ya bungweli inaonekera pa kusankha funso. D'Eslon anafuna kuti awerenge odwala amene anacira. Iwo anakana, nati nthenda zambiri zimatha zokha, kotero kuti munthu akacira atakhala pa mgolo, palibe angadziwe ngati wamciritsa ndi mgolo kapena masiku. Iwo anafuna kudziwa cimodzi cokha: kodi mphamvuyo iripo? Sinaoneka, sinanunkha, ndipo cipangizo coyesera magetsi sicinagwedezeka pa mgolowo. Anakhalapo iwo eni, kamodzi pa sabata, kenaka masiku atatu otsatana, osamva kanthu koyenera kukachula. Tsono anaganiza njira imene lero tiiona ngati yapafupi, koma imene masiku amenewo inali yacilendo: kulekanitsa cimene cicitidwa kwa wodwala ndi cimene wodwalayo ayesa kuti cilikucitidwa.

Nsalu ya kumaso kwa mnyamata uja inacokera pamenepo. D'Eslon ataona zimene zinacitika anayankha kuti mitengo yonse iri ndi maginito wacibadwa, ndi kuti kukhalapo kwace m'mundamo kunauonjeza. Ofufuzawo anati ngati nkutero, munthu wotere sakadatha kuyenda m'munda uliwonse osakomoka. Kunyumba kwa Lavoisier anapatsa mkazi wina makapu a madzi limodzi limodzi, limodzi lokha ndilo linali locitidwa miyambo. Pa kapu yacinai, imene inali ya madzi wamba, mkaziyo anagwa naphupha. Atatsitsimuka anapempha madzi akumwa, ndipo anampatsa m'kapu yeniyeni ija osamuuza. Anamwa mwamtendere, nati wapeza bwino. Mkazi wina anamkhazika pafupi ndi khomo lotsekedwa ndi pepala, ndipo kuseri kwace munthu analikumthira mphamvuyo theka la ora iye osadziwa, anangoceza mokondwa. Pamene munthu yemweyo anatulukira poyera nayamba kumcitira pamaso, mphindi zowerengeka zinakwanira kumgwetsa.

Lipoti linasainidwa pa 11 August 1784, ndipo boma linalisindikiza nkuligawa mwa zikwi zambiri. Linati mphamvu ya Mesmer kulibe; kuti malingaliro a wodwala, popanda maginito, atha kumgwetsa, koma maginito popanda malingalirowo sacita kanthu. Linachula zifukwa zitatu: kulingalira, kukhudzidwa, ndi kutsanzirana. Panali ndi lipoti lina lamseri, la mfumu yokha, locenjeza za ngozi ya makhalidwe pamene mwamuna akhala nthawi yaitali alikugwira mkazi wodwala. Mesmer anacoka ku Paris caka cotsatira, nakafera ku Meersburg mu 1815, ataiwalika ndi ambiri. Oweruza ace awiri sanaone ukalamba wotero: pa cipolowe cacikulu ca ku France, Bailly anadulidwa mutu mu 1793 ndi Lavoisier mu 1794, pa makina amene anthu anawacha dzina la mnzao Guillotin.

Za kutsanzirana ife aphunzitsi sitifunika kuuzidwa zambiri. Pa 30 January 1962, pa sukulu ya mishoni ya atsikana ku Kashasha, m'dziko limene panthawiyo linali Tanganyika, atsikana atatu anayamba kuseka ndi kulira kosaleka. Zinafalikira kwa ana 95 mwa 159, ndipo pa 18 March sukuluyo inatsekedwa. Madotolo sanapeza kacirombo kapena poizoni. Anawo sanali kunama, monganso mnyamata wa ku Passy sananame.

Ine ndiona kuti bungwe la Franklin linaweruza molungama, koma linasiya cuma pa bwalo la mlandu. Pofuna kutsutsa Mesmer linasonyeza, ndi mayeso oyera, kuti ciyembekezo cokha cikhoza kutulutsa thukuta, kuumitsa miyendo, ndi kutonthoza ululu. Cimeneci cinali cinthu cacikulu koposa mgolo uja. Koma iwo anacichula monga munthu achula dzina la mbala, nacileka. D'Eslon anali atafunsa kale kuti, ngati malingaliro aciritsa, bwanji osawagwiritsa nchito? Franklin naye analemba m'kalata caka comweco kuti m'mizinda yolemera muli anthu ambiri odziononga ndi kumwa mankhwala kosaleka, ndipo ngati aleka mankhwalawo poyembekeza cala ca dotolo, kapena adzapeza bwino ndithu, angakhale alakwa pa cifukwa cace. Mafunso ali awiri, lakuti kodi munthuyu wapeza bwino, ndi lakuti campezetsa bwino nciani. Otsata Mesmer anayesa kuti kuyankha loyamba ndiko kuyankha laciwiri. Madotolo ambiri anayesa kuti popeza laciwiri lawagwera bwino, loyamba liribenso nchito.

Amene anatola cosiyidwaco anali mmodzi wa ophunzira a Mesmer, mwini minda wolemera, Marquis de Puységur. Caka comweco ca 1784, pa mudzi wace wa Buzancy, anayesa njirayo pa mnyamata wa kumunda, Victor Race. Victor sanaphupha, koma analowa m'tulo ta mtundu wina, momwe analikulankhula momasuka za mabvuto a kwao ndi kumvera zimene auzidwa. Puységur anayamba kuona kuti cacikulu ndico cifuniro ca wociritsa ndi kukhulupirirana kwa awiriwo. Mu 1841 dotolo wa ku Scotland wokhala ku Manchester, James Braid, anapita kukaonerera cionetsero ca maginito wa zamoyo ali wokayika, nabwerako atatsimikiza kuti tuloto ntoona koma madziwo ngabodza. Anapeza kuti munthu angalowemo mwa kupenyetsetsa kanthu kowala, popanda womthira mphamvu. Ndipo m'buku lace la 1843 ndimo munacokera kuchuka kwa liu lakuti hypnotism.

Tsono kodi m'thupi mulibe mphamvu iriyonse? Irimo, ndipo anaipeza ndi a ganizo la makina omwewo. Luigi Galvani wa ku Bologna anasonyeza mu 1791 kuti mwendo wa cule wakufa uphupha ndi magetsi. Mu 1850 Hermann von Helmholtz anayesa liwiro la uthenga woyenda mumtsempha wa cule, napeza kuti liri pafupi ndi mamita 30 pa sekondi. Magetsi a mtima alembedwa pa pepala m'zipatala kuyambira pa nchito ya Willem Einthoven kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900. Mphamvu imeneyi isiyana ndi ya Mesmer pa cinthu cimodzi: cipangizo cimaiona, kaya wodwala akhulupira kaya sakhulupira, kaya ammanga kumaso kaya ai.

Pa nkhani ya kusintha kwa mtima ndi makhalidwe a munthu, maganizo awiri aja anagawananso anthu. Sigmund Freud, amene anapita ku Paris mu 1885 kukaona umo Jean-Martin Charcot anagwiritsira nchito hypnotism, pambuyo pace anaisiya, nayamba kungomvetsera odwala alikulankhula. Koma pofotokoza za mtima analankhulabe ngati za madzi otsekeredwa ofuna potulukira, cithunzi cimene Mesmer akadacizindikira msanga. Mbali inayo kunali Ivan Pavlov ndi agalu ace ocuca dobvu pakumva cizindikiro ca cakudya, amene tonse tinakomana nao ku sukulu ya uphunzitsi, ndi otsatira ace ophunzitsa kuti khalidwe limangidwa ndi kubwereza, mphotho ndi cilango. Mphunzitsi amene anayesapo kusintha mwana waulesi adziwa kuti kubwereza kugwira nchito, ndi kuti kugwira bwino koposa pamene mwanayo akhulupira kuti mphunzitsi wace ayembekeza zabwino kwa iye.

Cimene bungwe lija linasiya cinadzayesedwa bwino patapita zaka pafupi 200. Madotolo acicha placebo, ndiwo mankhwala onamizira opanda mphamvu mwa iwo okha. Mu 1978 ku San Francisco, Jon Levine ndi anzace anapatsa mankhwala otere anthu ozulidwa mano, ndipo ena ululu unawacepera. Atawapatsa naloxone, mankhwala otsekereza morphine, cithandizoco cinacepa. Ndiko kunena kuti ciyembekezo cicititsa ubongo kutulutsa mankhwala ace ace oletsa ululu, onga morphine. Malingaliro aja tsono ali ndi njira yace m'makina a thupi. Koma malire ace anaonekanso. Mu 2011 madotolo a ku Boston anayesa odwala mphumu ndi njira zinai: mankhwala enieni opumira, opumira onamizira, singano zonamizira, ndi kungokhala osapatsidwa kanthu. Powafunsa umo apezera, a mankhwala enieni anati apeza bwino ndi magawo 50 mwa 100, a onamizira 45, a singano 46, osapatsidwa kanthu 21. Koma cipangizo coyesa mpweya wotuluka m'mapapu cinanena zina: mankhwala enieni anauonjeza ndi magawo 20 mwa 100, njira zina zitatuzo ndi magawo 7 okha. Wodwala mphumu akhoza kunena zoona kuti wapeza bwino, cifuwa cace ciri cotsekeka monga kale. Ndipo ngozi iri pamenepo, pakuti wotereyo sathamangira ku cipatala.

Ciphunzitso ca mphamvu yosaoneka sicinafe ndi Mesmer. M'zaka za m'ma 1970 ku America kunabuka njira yochedwa Therapeutic Touch, imene anamwino ambiri anaiphunzira, yonena kuti munthu azingidwa ndi mphamvu imene wodziwa angaimve ndi zikhato zace ndi kuiongola osakhudza khungu. Mu 1996 mtsikana wa zaka 9 wa ku Colorado, Emily Rosa, anaiyesa monga nchito yace ya sayansi ya kusukulu. Anaimika katoni pa tebulo, naboola mabowo awiri. Wociritsa analowetsa manja ace m'mabowomo, zikhato zitayang'ana kumwamba, iye osaona za kuseri. Emily anaponya ndalama yacitsulo kuti imsankhire dzanja, naika dzanja lace pamwamba pa dzanjalo osalikhudza, nafunsa kuti liri kuti, kumanja kapena kumanzere. Ociritsa 21 anabvomera kuyesedwa, ndipo mayeso onse anakwana 280. Zotuluka zace zinasindikizidwa mu 1998 m'magazini a bungwe la madotolo a ku America, Emily ali ndi zaka 11. Munthu wongolota akadalondola ngati ka 140. Iwo analondola ka 123.